Nyumba Imene Ophunzira Adadzimangira ku Edinburgh

Mlendo akafika pa Bristo Square mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, amaona nyumba yamiyala ya nsanja ziwiri zozungulira, ndipo angaganize kuti ndi linga la mfumu yakale. Koma simudakhalepo mfumu m'menemo. Dzina lake ndi Teviot Row House, ndipo mwa nyumba zonse zimene zidamangidwira mabungwe a ophunzira a pa yunivesite, iyi ndiyo yakale koposa pa dziko lonse lapansi.

Nkhani yake idayamba m'chaka cha 1884, pamene mnyamata wina, Robert Fitzroy Bell, pamodzi ndi anzake adakhazikitsa bungwe loyimira ophunzira. Masiku amenewo wophunzira akatuluka m'kalasi ankangolunjika kuchipinda chake cha lendi. Padalibe malo okumanirana, odyera pamodzi kapena okambirana za m'dziko. Anyamatawo sadakhale pansi kudikira kuti akuluakulu a sukulu awachitire chifundo. Adayenda kupempha thandizo kwa anthu a mumzindawo, ndipo m'chaka cha 1886 adakonza msika wachionetsero ku Waverley Market umene udabweretsa ndalama pafupifupi £10,000. Nyumbayo idatsegulidwa mu Okutobala 1889.

Amene adalemba mapulani ake ndi Sydney Mitchell ndi mnzake Wilson. Iwo adatsata kamangidwe ka Scotland ka m'zaka za m'ma 1500: nsanja za madenga osongoka, mazenera aatali, ndi zipupa zimene pamwamba pake zimakwera ngati makwerero. Koma mtima wa nyumbayi uli m'chipinda chapamwamba, m'holo ya mitsutso. Denga lake lidasanjidwa ndi mitanda yamatabwa yogwirana mwaluso, kotero kuti pakati palibe mzati wotchinga wolankhula ndi omvera ake. Mtanda uliwonse umatsamira pa unzake, monga akulu adanenera kuti mutu umodzi susenza denga. M'holo imeneyi ophunzira adazolowera kuyima pagulu, kutsutsidwa popanda kupsa mtima, ndi kugonja pamene mfundo za mnzawo zapambana.

Komabe nyumba yokongolayi idali ndi chilema. Ngakhale akazi adayamba kulandira madigiri pa yunivesiteyi m'chaka cha 1893, bungwe la ku Teviot lidali la amuna okhaokha kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Asungwana adachita kuyambitsa bungwe lawolawo. Mu 1973 mabungwewa adaphatikizana nakhala limodzi, lotchedwa Edinburgh University Students' Association.

Mbiri imeneyi siili kutali ndi ife. Sukulu yakale ya zachipatala ya yunivesiteyi ili pafupi pomwepo, ndipo mumzinda womwewu ndimo Dr H. Kamuzu Banda adatsiriza maphunziro ake a udokotala mu 1941. Julius Nyerere wa ku Tanzania nayenso adalandira digiri yake pa yunivesiteyi mu 1952.

Tsono inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, taganizirani za kwanu. Kodi pasukulu panu pali malo pamene ana amaphunzira kulankhula ndi kumverana popanda mphunzitsi kuwayang'anira? Malo otere safuna nsanja ayi. Ngakhale mthunzi wa mtengo wamango ungakwanire. Chofunika nchakuti ophunzira adziyambire okha, ndipo msungwana apatsidwe mpando kuyambira tsiku loyamba, osati patapita zaka 80.