Kodi Tchaja ya Foni Imadya Magetsi Ochuluka Bwanji?

Anzanga, m'makomo ambiri magetsi a sola akazima madzulo, mlandu umagwera foni. Makolo amangoti, "Mwamaliza moto ndi mafoni anuwo!" Ovutika kwambiri ndife oyendera, chifukwa babu ikazima, kuwerenganso kwathera pomwepo. Ndiye ndati tiwerengetsere limodzi, tione kuti wakudya moto weniweni ndi ndani.

Tengani tchaja iliyonse muyang'ane timalemba ting'onoting'ono tili pamenepo. Zambiri zimalembedwa 5V 2A. Chulukitsani manambala awiriwo: 5 × 2 = 10. Ndiye kuti tchajayo imapereka mawati 10. Mawati amatiuza changu chimene chipangizo chikukokera magetsi. Kuti mudziwe magetsi onse amene apita, chulukitsani mawatiwo ndi maola. Yuniti imodzi imene anthu amagula ku ESCOM ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi.

Tsopano tiyese. Foni yotchajidwa kwa maola 2 pa mawati 10 imatenga 20. Tikagawa 1,000 ndi 20 tipeza 50. Magetsi ena amatayika, n'chifukwa chake tchaja imafunda, koma ngakhale zili choncho yuniti imodzi ikhoza kudzaza foni maulendo pafupifupi 40. Kafoni kamabatani ndiye kamangolawa chabe.

Zipangizo zina zili motere:

Babu ya LED ya mawati 7, maola 4: 28
Babu yakale ya mawati 60, maola 4: 240
Kanema wa mawati 40, maola 5: 200
Ayironi ya mawati 1,000, ola limodzi: 1,000
Ketulo ya mawati 2,000, mphindi 6 zokha: 200

Mwaona? Ketulo pa mphindi 6 yameza moto wa mafoni 10. Chipangizo chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa chimadya magetsi kwambiri. Babu yakale ija imaotcha mukaigwira chifukwa magetsi ake ambiri amasanduka kutentha, osati kuwala.

Nanga sola ya pakhomo? Batire yolembedwa 12V 50Ah imasunga 12 × 50 = 600. Koma batire ya asidi siifunika kuikhuthula mpaka pansi, imafa msanga. Ndi bwino kugwiritsa ntchito theka, 300. Panelo ya mawati 50 ikawombedwa ndi dzuwa lamphamvu kwa maola 5, imabwezera 250 basi, mwinanso osafika. Kuno ku Dedza mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta mapiri tsiku lonse, imabwezera zochepa kuposa pamenepo. Babu imodzi ndi mafoni awiri ndi 68 chabe. Kanema yekha ndi 200, ndipo inveta nayo imadyako yake ngakhale musanalumikizeko kanthu. Wozimitsa babu yathu yowerengera mwamudziwa tsopano.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito pa dziko lonse. Ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Amenewa ndi mawati 20 miliyoni, okwanira matchaja 2 miliyoni nthawi imodzi, koma maayironi 20,000 okha.

Pempho langa ndi ili. Lero mukaweruka, kawerengeni manambala a pa chipangizo chilichonse kwanu, muwalembe kumapeto kwa kope, kenako muwaonetse makolo mwaulemu. Apempheni kuti masiku a mitambo kanema azizimitsidwa msanga, inveta izizimitsidwa ikakhala pachabe, ndipo panelo izipukutidwa fumbi. Mayunifolomu tizisita ndi simbi ya makala monga mwa kale. Mayeso akayandikira, 28 wa babu uja asungidwe poyamba, zina zonse zibwere pambuyo.