Amalume Anga ndi Mphindi 50

Anzanga ena a Fomu 2 mwakhala mukundiseka kuti ndayamba kabaza. Ena mwandifunsa kuti bambo amene ndimawalondola pa njinga m'mamawa uliwonse aja anandibera chiyani. Lero ndiyankhe pano kamodzin'kamodzi. Bambowo ndi amalume anga, ali ndi zaka 39, ndipo sanabe kanthu. Akufuna kuthamanga makilomita 10 zisanakwane mphindi 50. Ntchito yanga ndi kugwira foni n'kumalemba nthawi m'kope. Pa miyezi isanu imeneyi ndaphunzira zambiri za zomwe zimachitika munthu wamkulu akabwerera ku masewera othamanga, ndiye ndati ndikugawireni.

Mmene zinayambira

Ali ku sekondale amalume anali katswiri wa mtunda wautali. Amati makilomita 10 ankawamaliza pa mphindi 38, ndipo agogo mpaka lero akusunga beseni limene amalumewo anawina. Sukulu itatha kunabwera banja, ana atatu ndi okala. Kwa zaka pafupifupi 20 ntchito yawo yakhala yokhala pampando kugulitsa sopo ndi shuga. Chaka chatha mutu unayamba kuwawawa pafupipafupi, ndipo kuchipatala anawauza kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bambo awo anamwalira ndi sitiroko, choncho nkhaniyi sanaitenge ngati nthabwala. Anapatsidwa mankhwala, anauzidwa kuti achepetse mchere komanso aziyendetsa thupi. Atafika kunyumba anandiitana nati, "Mphwanga, m'thupi muno magazi okha ndiwo akuthamanga, mwini wake ndili khale. Kuyambira mawa tizithamanga tonse."

Tsiku loyamba ananyamuka ngati mwana wa Fomu 3. Sitinafike ndi pa mlatho pomwe, anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, wefuwefu, thukuta kamukamu. Sanamve. Anakakamira choncho tsiku lililonse, ndipo patatha milungu iwiri misongolo inayamba kuwawa moti ngakhale kupita ku mjigo ankachita kutsimphina. Anakhala milungu itatu osathamanga.

N'chifukwa chiyani wobwerera amavulala?

Apa ndi pamene pali nkhani. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo n'zoona, thupi limene linathamangapo silivuta kukumbutsa. Koma ziwalo sizibwerera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera pa milungu yochepa chabe. Mafupa, mawondo ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, monga mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene uja, zimatenga miyezi kuti zilimbe. Ndiye munthu amamva kuti mpweya ulipo, n'kuwonjezera liwiro, pamene miyendo sinakonzeke. Amene sanathamangepo chibadwire amayamba mwamantha, ndipo manthawo amamuteteza. Wobwerera ndi amene ali pa ngozi, chifukwa mutu wake ukukumbukirabe mphindi 38 zija.

Chachiwiri ndi msinkhu. Pali kawerengedwe kongoyerekeza koti ukachotsa zaka zako pa 220, upeza malire a kagundidwe ka mtima wako pa mphindi imodzi. Ine wa zaka 15 ndi 205. Amalume ndi 181. Si kuti aliyense amagwera ndendende pamenepo ayi, koma zikusonyeza kuti malirewo amatsika munthu akamakula. Wamkulu amachedwanso kuchira akatopa.

Chachitatu ndi thupi lenilenilo. Amalume anawonjezera makilogalamu 15 kuchokera nthawi ya sukulu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye tayerekezani kuthamanga kuchoka kwanu kufika pasukulu pano mutasenza malita 15 a madzi. Mawondo angakuyamikeni?

Masamu a mphindi 50

Atachira tinakhala pansi ndi kope. Kunena kuti "ndikufuna mphindi 50" n'kosavuta, koma uli pamsewu sungaione nambala imeneyo mpaka kumapeto. Uyenera kuiduladula. Mphindi 50 kugawa ndi makilomita 10, yankho ndi mphindi 5 pa kilomita iliyonse. Pa fomula ija timaloweza, ya mtunda kugawa ndi nthawi, limenelo ndi liwiro la makilomita 12 pa ola.

Bwalo lenileni la mpikisano limakhala la mamita 400. Pamenepo makilomita 10 ndi maulendo 25, ulendo uliwonse mphindi 2. Ife bwalo lotero tilibe, ndiye tinayeza giraundi yathu ya mpira ndi chingwe cha mamita 10, tinapeza kuti kuzungulira kamodzi ndi pafupifupi mamita 350. Ulendo umodzi uyenera kutenga mphindi imodzi ndi masekondi 45, ndipo maulendo atatu ndi kilomita imodzi ndi kapamwamba pang'ono. Mukuona ngati zachibwana eti? Pa buleki kayeseni maulendo atatu okha pa nthawi imeneyo, kenako muganize kuti amalume akufunika maulendo pafupifupi 29 osaima.

Pali njira yodziwira ngati cholinga chako chili chanzeru kapena maloto chabe. Thamanga makilomita 5 ndi mphamvu zako zonse, nthawi imene wapezayo uchulukitse ndi 2, n'kuwonjezerapo mphindi ziwiri za kutopa. Ndiye kuti wofuna mphindi 50 ayenera kumatha makilomita 5 pa mphindi 24 kapena kucheperapo. Ngati ukutenga mphindi 30, cholinga chako choyamba chikhale ola limodzi ndi mphindi ziwiri basi, 50 idikire kaye.

Mlungu wa amalume

Chimene chinandidabwitsa n'choti kuti munthu athamange mofulumira, masiku ambiri ayenera kuthamanga pang'onopang'ono. Amalume amathamanga masiku anayi pa mlungu. Lolemba ndi Lachisanu ndi makilomita 5 kapena 6 mofatsa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati sangathe kucheza nane akuthamanga, ndiye kuti afulumira. Ndimawafunsa dala mitengo ya katundu wa mu okala, akayamba kuyankha moduladula ndimawauza kuti, "Amalume, chepetsani."

Lachitatu lokha ndilo la moto. Timabwera pa giraundi, amazungulira katatu pa liwiro loposa pang'ono la mpikisano, n'kuyenda mphindi ziwiri, kenako n'kubwerezanso, mpaka kasanu. Zimenezi zimaphunzitsa thupi kupirira liwirolo. Loweruka ndi ulendo wautali, makilomita 12 mpaka 14 mosapupuluma. Masiku atatu otsalawo ndi opuma, ndipo kupumako si ulesi, chifukwa minofu imakonzeka ndi kulimba nthawi imene munthu akupuma. Mtunda wa mlungu wonse sitiuwonjezera kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a mlungu wapitawo.

Malamulo ena ndi awa. Timanyamuka dzuwa lisanatuluke. Amamwa madzi asananyamuke komanso akabwerako. Nsapato anagula pa kaunjika, koma anasankha yokhala ndi soli yochindikala osati yooneka bwino. Mankhwala awo sanasiye, ngakhale anzawo a pa bawo amawanamiza kuti wothamanga safunika mapilisi. Ndipo adokotala anawachenjeza kuti akamva kuwawa pachifuwa, chizungulire, kapena akadwala malungo, asathamange, apite kuchipatala.

Kodi zimatheka?

Ku America kuli mayi wina dzina lake Keira D'Amato. Ankathamanga ali ku koleji, anavulala phazi, n'kusiya mipikisano kwa zaka zingapo. Anakwatiwa, anabereka ana awiri, n'kumagwira ntchito yogulitsa nyumba. Atayambiranso sanali woopsa konse. Koma mu Januwale 2022, ali ndi zaka 37, anathamanga marathoni ya mumzinda wa Houston, makilomita 42.195, pa maola 2, mphindi 19 ndi masekondi 12. Panthawiyo panalibe mayi wa ku America amene anathamangapo mtundawo mofulumira choncho. Mbiri imene anaphwanyayo inali ya Deena Kastor, ndipo inakhala chiikireni mu 2006.

Sindikunena kuti amalume adzakhala D'Amato. Mbiri ya dziko lonse ya mamita 10,000 pa bwalo inaikidwa ndi Joshua Cheptegei wa ku Uganda mu 2020 ku Valencia, mphindi 26 ndi masekondi 11. Ndiye kuti iye akanamaliza, n'kusamba, n'kumwa tiyi, amalume akadali m'njira. Koma D'Amato zinamutengera zaka, osati milungu, ndipo ndi zimene ndimawakumbutsa akayamba kudandaula.

Pamene tafika

M'kope langa muli nambala izi za makilomita 10. Febuluwale, m'matope: mphindi 68, kwina akuyenda. Epulo: 59. Meyi: 54 ndi masekondi 30. Loweruka lapitali: 51 ndi masekondi 40. Mukuona kuti poyamba mphindi zimagwa zambirimbiri, koma ukamayandikira cholinga sekondi iliyonse imachita kulimbirana.

Loweruka lija akanatha kufika pafupi kuposa pamenepo. Vuto linali lakale lomwe lija. Tikudutsa pa msika anyamata a kabaza anayamba kuwachemerera, iwo n'kutengeka, kilomita yachiwiri anaimaliza pa mphindi 4 ndi masekondi 25. Masekondi 35 amene ankaona ngati apindulawo anawabweza ndi chiwongoladzanja pa makilomita atatu omaliza, chifukwa iliyonse inawatengera pafupifupi mphindi 6. Odziwa amati ndi bwino kuyamba modekha n'kumaliza mwamphamvu. Tikubwerera anangoti, "Mphwanga, amene ndikupikisana naye si wina ayi, ndi mnyamata wa beseni uja. Amandinamiza."

Chinanso choti mudziwe: atsika ndi makilogalamu 6, ndipo ulendo wapitawu kuchipatala anawauza kuti magazi ayamba kuyenda bwino, apitirize. Azakhali akuti kwa iwo mphindi 50 zilibe ntchito, bola bambo a ana ali moyo. Amalume akuti zonse ziwiri n'zofunika, chifukwa popanda nambala yoithamangitsa, m'mamawa wozizira wa Juni uno sakanamachoka m'bulangete.

Loweruka la mlungu wamawa tikuyesanso. Tinyamukira pa mjigo wa kuseri kwa sukulu 5:30 m'mamawa, kukafika pa mlatho wachiwiri n'kubwerera. Tikufuna anthu awiri oti aime ndi madzi pa mlatho, ndi mmodzi wa liwiro lokhazikika woti athamange nawo makilomita atatu omaliza pa mphindi 5 iliyonse. Amene mumati pa giraundi pano palibe wokuposani, mpata ndi umenewu. Lembani dzina m'munsimu ndi pensulo, kapena mundipeze pa buleki. Zotsatira ndidzamata pompano, kaya ndi 49 kaya ndi 52.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2