Gitala ya besi sichokera ku Joni kokha

Pa Euthini, m'dera la Inkosi Chindi m'boma la Mzimba, katundu wambiri wapamwamba amafika ndi anthu ochokera ku Joni. Mafoni, masola, mawailesi akuluakulu, zonsezi zimatsika m'mabasi pamodzi ndi zikwama za abale obwera kudzaona kwawo.

N'chifukwa chake achinyamata a kwaya kapena a bandi ya pamalopo akasowa gitala ya besi, maso amaloza komweko. Amadikira mlamu kapena malume amene adalonjeza kuti adzabwera nayo pa Khirisimasi.

Kudikirako nthawi zina kumatha zaka. Kiyibodi imakhalapo, ng'oma zimakhalapo, koma nyimbo imamveka ngati ndiwo zosathira mchere. Besi ndiyo imagunda pachifuwa n'kumauza wovina pomwe aponde.

Chonsecho kuseri kwa nyumba zambiri kuli mwana wa pulaimale amene wang'amba chigubu cha mafuta ophikira, wasomekamo thabwa n'kumangirira waya wa buleki ya njinga. Makolo ena akamuona amamukalipira kuti akutaya nthawi. Koma mbiri ya zoimbaimba m'dziko muno ikusonyeza kuti besi imene yatchukitsa Malawi kunja idachokera m'manja otere.

Mbiri ya babatoni

M'zaka za m'ma 1950, m'misewu ya mzinda wa Johannesburg mudabuka chamba cha kwela. Anyamata ankaimba ndi zitoliro za chitsulo, gitala ndi besi ya nsambo imodzi yopangidwa ndi bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe. Mmodzi mwa akatswiri a chitoliro amene adatchuka zedi nthawi imeneyo adali Spokes Mashiyane.

Chambachi chidafalikira m'maiko oyandikana nawo kudzera m'zimbale komanso anthu amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ndi m'matauni a kummwera. Anthu a ku Mzimba sangadabwe nazo chifukwa njira ya Wenela ndi Theba adaiponda kwambiri.

Kuno kwathu kwela idakhazikika m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano, kufupi ndi Chileka ku Blantyre. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, adawapeza akuimba m'misewu ya Blantyre ndipo adayamba kujambula nyimbo zawo. M'gulu lawo mudali besi ya nsambo imodzi ija, imene anthu amaitcha babatoni.

Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma babatoni sidafe nawo. Idangokula msinkhu.

Ku Nkhata Bay, boma loyandikana ndi Mzimba, Gasper Nali adapanga yake yotalika pafupifupi mamita 3. Thunthu lake ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndipo nsambo yake ndi waya wochokera m'tayala la galimoto. Poimba amamenya wayayo ndi kamtengo uku akuyendetsa botolo pamwamba pake kuti mawu akwere kapena atsike. Kanema wake akuimba adaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa intaneti, ndipo mu 2015 chimbale chake cha Abale Ndikuwuzeni chidatuluka.

Ku Lilongwe nako, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu. Yobu amaimba babatoni yopanga yekha, Yosefe gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mu 2017 adakaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo khomo la ku Ulaya lidatseguka. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa zimbale zawo za Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022.

Onsewa sadadikire kuti wina awagulire chida. Ndipo nzeru imene ili mu babatoni, ya waya wautali wokungika pamtengo wolimba, ndi yomweyo imene ili mu besi ya magetsi ya nsambo zinayi imene ma kwaya ndi mabandi a masiku ano amailira. Chowonjezera ndi miyeso yolondola ndi kachida kotengera mawu ku ampulifaya basi.

Kulemera ndi nkhani

Besi ya magetsi imene anthu adaizolowera idatchuka kuyambira mu 1951 pomwe Leo Fender wa ku California adatulutsa mtundu wotchedwa Precision Bass. Zambiri za mtundu umenewu zimalemera pafupifupi makilogalamu 4.

Pa sikelo ya pamsika makilogalamu 4 ndi nyemba zochepa chabe. Koma akapachikidwa paphewa limodzi kuyambira m'mawa kutchalitchi mpaka madzulo kuholo ya ukwati, msana umadandaula. Kwa mwana wa sukulu amene akuphunzira kumene, kapena woimba amene anyamule chidacho pa njinga ulendo wa kumidzi, kupepuka n'kofunika ngati mawu omwe.

Opanga magitala a kunja adaliona kalekale vutoli. Besi ya Höfner imene Paul McCartney wa gulu la The Beatles adagula ku Hamburg mu 1961 ndi ya mphako m'kati ndipo sifika makilogalamu 3. Nayo kampani ya Danelectro ku Amereka inkapanga thunthu la gitala pomata timatabwa topyapyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa felemu, m'kati n'kusiya mpata. Kalipentala aliyense amene adapangapo chitseko cha pulaiwudi akuidziwa kale njira imeneyi.

Thunthu la paini, khosi la mtengo wolimba

Kwa munthu wa ku Mzimba, thabwa lopepuka silili patali. Nkhalango ya Chikangawa, imene idadzalidwa pa malo oposa mahekitala 50,000, ndi ya mitengo ya paini makamaka, ngakhale moto ndi kudula mosasamala zidaipululutsa kwambiri. Paini si wonyozeka pa ntchitoyi: magitala oyambirira a Fender a mtundu wa Esquire a mu 1950 adali ndi thunthu la paini. Nawo malaina, amene ali mbwee m'masukulu ndi m'mbali mwa misewu, ndi opepuka komanso osavuta kupala.

Wopanga amadula felemu ya paini m'maonekedwe amene akufuna, n'kusiya chipika cholimba pakati kuyambira polumikiza khosi mpaka pomwe nsambo zikathere. M'mbali monse mumakhala mphako. Kenaka amamata pulaiwudi kutsogolo ndi kumbuyo.

Pomwe sipafunika kuumira ndi pakhosi, mtengo wautali uja umene zala zimayendapo. Nsambo zinayi za besi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga, usana ndi usiku. Khosi la paini kapena la thabwa laliwisi limapindika ngati uta, nsambo zimatalikirana nalo, ndipo chidacho chimasanduka chokongoletsera khoma.

Apa m'pofunika mbawa kapena mlombwa. Mbawa ndi mtundu umodzi wa mitengo imene mafakitale a magitala kunja amaigula m'dzina la African mahogany. Koma mitengo imeneyi ndi yotetezedwa ndi malamulo a za nkhalango, choncho nzeru ndi kusaka thabwa la bedi lakale, mphuthu ya chitseko kapena mwendo wa tebulo lothyoka. Thabwa lotero lidauma kalekale ndipo kupindika konse kumene likadapindika lidathana nako.

Amisiri odziwa amang'amba thabwalo patatu, n'kutembenuza chidutswa cha pakati asadazimatenso ndi guluu, kuti chikafuna kukhotera uku zinzake zichibweze. M'magitala ogula, m'kati mwa khosi mumakhala chitsulo chimene amachimanga kapena kuchimasula ndi sipanala. Wa pakhomo angagobe ngalande m'khosimo n'kumatamo kachitsulo kowongoka kochokera kwa owotcherera, kenaka n'kuphimba ndi thabwa lopyapyala la mtengo wolimba.

Pali msampha umodzi. Thunthu likapepuka kwambiri, khosi limalemera kuposa mnzake ndipo limangogwera pansi woimba akangolitaya. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mutu umene pamakhala zokungira, kutalikitsa nyanga ya m'mwamba imene pamakoledwa lamba, ndi kusoka lamba wotambalala amene saterera paphewa.

Tepi isaname

Magitala ambiri a ana amamveka osokonekera chifukwa tizitsulo topingasa pakhosi, timene oimba amati mafuleti, timaikidwa mongoyerekeza ndi maso. Apa masamu a kusukulu amagwira ntchito.

Pa besi yaikulu, gawo la nsambo limene limanjenjemera ndi lotalika masentimita 86.4, kuchokera pa kachidutswa kotsamira nsambo kumutu mpaka pa chotsamira cha pathunthu. Pali ina yaifupi ya masentimita 76.2, monga ya McCartney ija. Yaifupiyi ndiyo yabwino kwa woyamba kumene chifukwa imapepuka, nsambo zake sizikoka kwambiri ndipo zala za mwana zimafika.

Lamulo lake ndi limodzi. Utali wa nsambo umagawidwa ndi 17.817, ndipo yankho lake ndi pomwe pakhale fuleti yoyamba. Pa besi ya masentimita 86.4, fuleti yoyamba imakhala pa masentimita 4.85. Utali wotsalawo umagawidwanso ndi nambala yomweyo kuti papezeke yachiwiri, mpaka onse atatha. Ngati masamu ayenda bwino, fuleti ya nambala 12 imagwera pakati penipeni pa nsambo, pa masentimita 43.2. Ikaphonya pamenepo ndiye kuti penapake palakwika, ndipo ndi bwino kubwerera macheka asadakhudze thabwa.

Masipoko a njinga amagwira ntchito ngati mafuleti akamatidwa bwino ndi kupalidwa kuti afanane msinkhu. Amene akuona kuti zimenezi zamukulira angathe kusiya khosi losalala n'kungolemba mizere ndi penti. Babatoni ilibe fuleti ndi imodzi yomwe, ndipo besi zopanda mafuleti zimagulitsidwa ngakhale m'masitolo a kunja. Kungoti khutu la woimba liyenera kukhala lakuthwa.

Nsambo zokha ndi zokungira zake ndi bwino kugula. Nsambo ya besi si waya wamba: ili ndi waya m'kati, wina wokulungidwa pamwamba pake kuti ilemere n'kumatulutsa mawu otsika koma osauma. Yaikulu kwambiri imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi. Waya wa buleki kapena wa m'tayala angathandize poyeserera, koma safika pansi pamenepo pa utali waufupi chotere. N'chifukwa chake babatoni ya Gasper Nali idachita kutalika mamita 3.

Mawu afika bwanji ku sipika?

Ambiri amaganiza kuti mu gitala ya magetsi mumalowa magetsi a ESCOM. Ayi ndithu. Pansi pa nsambo pamakhala kachida kotchedwa pikapu, kamene ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira maulendo zikwizikwi. Nsambo ya chitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa kamphamvu kochepa kamene ampulifaya imakakuza. Ichi n'chifukwa chake nsambo ya nayiloni kapena chingwe cha mbedza sizimveka pa pikapu ya mtundu umenewu.

Munthu wodekha angakulunge yekha, ndipo okonza mawailesi pamsika angamuthandize kupeza maginito ndi waya m'zipangizo zakufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wayayo akaduka pakati, ntchito imayambiranso.

Njira yachidule ndi kachitsulo kobulungira ngati ndalama kotchedwa piezo, kamene kamapezeka m'tizida tolira monga mawotchi a alamu. Kakamatidwa pansi pa chotsamira nsambo, kamamva kunjenjemera kwa thabwa. Ndi kotsika mtengo ndipo kamagwira ngakhale pa babatoni, koma mawu ake amaonda ndipo kamatola phokoso lililonse la zala.

Mawaya a m'kati akhale aafupi, ndipo chitsulo chogwira nsambo chilumikizidwe ku waya wa kunja wa pulagi. Kupanda kutero sipika imangolira ngati njuchi.

Ngozi yeniyeni ili pa ampulifaya. Ampulifaya ya pakhoma yolumikizidwa mwachisawawa ingathe kutumiza magetsi ku nsambo n'kuvulaza woimba. Kwa ana, yabwino ndi ya batire ya mavoti 12, yonga imene mabanja ambiri amatchajira pa sola. Komanso besi isalumikizidwe ku sipika yaing'ono ya wailesi ya bambo chifukwa mawu otsika amang'amba sipika zazing'ono, ndipo mlandu wake sungathere pakhomo.

Mutu umodzi susenza denga

Zonse zofunika pa ntchitoyi zili pa malo ochitira malonda monga Euthini, kungoti zili m'manja osiyanasiyana. Kalipentala ali ndi macheka ndi chopalira. Wowotcherera ali ndi zitsulo. Wokonza mawailesi amadziwa kulumikiza mawaya. Telala angasoke lamba. Mphunzitsi wa masamu angathandize kugawa 86.4 ndi 17.817 popanda kuphonya. Chimene chingachokere ku Mzuzu kapena ku Joni ndi nsambo ndi zokungira, zinthu zokwana m'thumba la jekete.

Yoyamba siituluka bwino. Mwina khosi lidzakhota, mwina fuleti ina idzalira molakwika. Koma wopanga yekha amadziwa pomwe pali vuto ndipo amamasula n'kukonza, pomwe yogula ikathyoka imadikira wina wopita kutauni.

Pakhomo pamene pali mwana amene wayamba kale ndi chigubu ndi waya wa buleki, makolo asathamangire kuchiponya pamoto. Amupezere tepi yoyezera, amuonetse thabwa la bedi lakale lija, ndipo Loweruka lina amuperekeze kwa akalipentala.