Malovu amaulula nkhawa ya mayeso

Mayeso a MANEB akayandikira, kaya a Sitandade 8, JCE kapena MSCE, ife alangizi a zaumoyo kuno ku Chikwawa ndi Nsanje timamva madandaulo ofanana: mutu, kusowa tulo, m'kamwa mouma, chimfine chosatherapo. Ena amathamangira kunena kuti awalodza. Achinyamata anzathu, nthawi zambiri gwero lake ndi nkhawa, ndipo umboni wake umapezeka m'malovu.

Munthu akakhala ndi mantha, tiziwalo tomwe tili pamwamba pa impso timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Homoniyi imayenda m'magazi n'kufika m'malovu, moti akatswiri amatha kuiyeza popanda kubaya jakisoni. Imachuluka m'mawa tikangodzuka, n'kutsika madzulo. Pa nthawi ya mayeso imakwera mwa ophunzira ambiri. Ikakwera kwa kanthawi imathandiza, chifukwa imapereka mphamvu ndi tcheru. Koma nkhawa ikatenga masabata, chitetezo cha m'thupi chimafooka.

M'malovu mulinso chitetezo chotchedwa IgA, chomwe chimalimbana ndi tizilombo tolowera m'kamwa. Mu 1983, John Jemmott ndi anzake ku America anayeza malovu a ophunzira 64 a zamano ndipo anapeza kuti IgA inkachepa maphunziro akafika pothina. Mu 1998, pa yunivesite ya Ohio State anapeza kuti kachilonda ka m'kamwa kankachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 3 pa nthawi ya mayeso poyerekeza ndi pa tchuthi.

Kuno ku chigwa mtolo umalemera kawiri. Kutentha kumatisowetsa tulo, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatseketsa sukulu, makalasi ena n'kusanduka misasa ya othawa madzi.

Nanga tichite chiyani? Tiyambe kuwerenga kudakali nthawi, osati kuchezera usiku womaliza. Tigone maola 8. Timwe madzi ambiri, tidye tisanalowe m'chipinda cha mayeso. Mpira ndi magule ku kalabu zimatsitsa nkhawa. Chamba ndi kachasu sizitsegula mutu, zimangowonjezera mavuto. Amene tikumwa ma ARV tisadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Tikatenge mankhwala okwanira mayeso asanayambe.

Nkhawa ikakula mpaka kulephera kudya kapena kuganiza zodzipha, tiuze mphunzitsi, kholo kapena mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, tifunsane: ndani pakati pathu akulemba chaka chino, ndipo timuthandiza bwanji?