Khansa ya dzuwa yomera komwe dzuwa silifika

Ndikamaphunzitsa za kuwala, ndimakonda kutchula cheza cha UV, chija chochokera kudzuwa chomwe maso athu sachiona. Chezachi chimawononga DNA m'maselo a khungu, ndipo chimatha kuyambitsa khansa yotchedwa melanoma. Khansayi imayambira m'maselo opanga melanin, utoto womwe umadetsa khungu lathuli.

Tsiku lina mtsikana wina adakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndiye kuti pomwe dzuwa silifika khansayi singamere?" Funso labwino zedi. Yankho lake n'lakuti imamera ndithu.

Maselo opanga melanin aja alipo pang'ono ngakhale m'kati mwa thupi, monga kummero ndi kumapeto kwa matumbo, potulukira chimbudzi. Melanoma ya m'malo onyowa am'katiwa ndi yosowa, pafupifupi munthu mmodzi pa odwala melanoma 100 alionse. Kuipa kwake, imabisala. Munthu amaona magazi pochita chimbudzi n'kumati ndi mudzi chabe, chotupa chikukula. Magazi otere osawachitira manyazi ayi, ndi ofunika kukaonetsa kuchipatala.

Madokotala amayamba ndi opaleshoni yochotsa chotupacho. Nthawi zina amaombanso pamalopo ndi ma X-ray amphamvu kuti chisamerenso, ngakhale melanoma simvera kwenikweni cheza chotere. Ikafalikira m'thupi, mpeni sukwanira.

Apa m'pomwe amagwiritsa ntchito mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Asilikali a m'thupi, maselo otchedwa T, ali ndi mabuleki, ndipo khansa imadziwa kuwaponda. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan adalandira mphotho ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku wa mabulekiwa. Mankhwala monga ipilimumab, womwe udavomerezedwa ku America mu 2011, ndi nivolumab amamasula mabulekiwo.

Tsono tamverani chomwe chimandizunguza mutu ine. Mankhwalawa amagwira bwino pa melanoma ya pakhungu kusiyana ndi ya m'kati. Chifukwa chimodzi ndi dzuwa lomwe lija! UV imasiya zolakwika zambirimbiri mu DNA, moti selo la khansa limaoneka lachilendo, asilikali n'kulizindikira msanga. Chotupa chomwe chidakulira mumdima chili ndi zolakwika zochepa, choncho chimafanana ndi maselo abwinobwino. Ungamasule mabuleki, koma msilikali sakumuona bwino mdaniyo.

N'chifukwa chake madokotala amayezanso DNA ya chotupacho. Akapeza kuti jini yotchedwa KIT idasokonekera, odwala ena amathandizidwa ndi mapiritsi a imatinib, omwe amatseka puloteni yolamula selo kuti lizigawikana mosalekeza.