Mutu 6: Kugawana Intaneti ndi Mafayilo Popanda Waya

Anyamata a pa Likhubula amene amalondolera alendo njira yokwera phiri la Chambe amadziwa chinthu chimene ambirife okhala m'munsi sitinachiganizirepo bwino. Pamwamba paja netiweki imabwera n'kuthawa, ndipo m'zigwa zina kulibiretu. Komabe mlendo akajambula zithunzi pakhomo pa kanyumba kogona alendo ka Chambe, wolondolera njirayo atha kutsika nazo zili kale m'foni mwake. Zadzera kuti, poti netiweki kunalibe?

Foni yamakono ili ndi mawayilesi angapo m'kati mwake. Ina imalankhula ndi nsanja ya TNM kapena ya Airtel, imene ingakhale pa mtunda wa makilomita angapo, ndipo iyi ndiyo imadya mayunitsi ndi bandulo. Bluetooth ndi Wi-Fi salankhula ndi nsanja. Amalankhula ndi chipangizo chinzake chimene chili pafupi, m'chipinda chomwecho kapena pakhonde, ndipo palibe kampani imene imalipiritsa. Laputopu nayo ili ndi mawayilesi awiriwa.

Zimandiwawa ndikaona anthu awiri atakhala pa mphasa imodzi, wina akutumizira mnzake vidiyo ya chinkhoswe pa WhatsApp. Vidiyoyo ichoka m'foni, ikwera kunsanja, idutsa m'mawaya mpaka ku makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko, kenako ibwerera kudzatsikira m'foni imene ili mkono umodzi kuchokera pamene inanyamukira. Wotumiza walipira, wolandira walipiranso. Zili ngati munthu wa pa Chambe kukwera minibasi mpaka ku Limbe kukasiya kalata ya mnansi wake wa kuseri kwa nthochi.

Bluetooth ndiye wodziwika kwambiri kumudzi chifukwa ngakhale mafoni ambiri a mabatani ali naye. Anayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994, ndipo mu 1998 makampani angapo, kuphatikizapo Nokia ndi Intel, anagwirizana kuti zipangizo zawo zizimvana. Dzinali analitenga kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900, imene inaluzanitsa mafuko a dziko lake. Mafunde ake amafika mamita pafupifupi 10, ndipo sadya batire kwambiri, n'chifukwa chake ndi abwino pa sipika ndi zomvera m'makutu. Vuto lake ndi kuchedwa. Nyimbo imodzi ya mamegabayiti 4 imadutsa mphindi isanathe, koma filimu ya mamegabayiti 500 mudzaidikira kupitirira theka la ola.

Wi-Fi ndi wamphamvu kuposa pamenepo. Malamulo a kagwiridwe kake, otchedwa 802.11, anatuluka mu 1997, ndipo dzina lakuti Wi-Fi linabwera mu 1999. Ambiri amaganiza kuti Wi-Fi ndi intaneti imene. Ayi. Wi-Fi ndi kanjira ka pakhomo kolumikiza zipangizo, ndipo intaneti imayendamo pokhapokha wina ataibweretsa kuchokera kunsanja. Mapulogalamu monga Xender ndi SHAREit, amene achinyamata obena nyimbo pamisika amawadziwa bwino, amatsegula kanjira kameneka pakati pa mafoni awiri popanda intaneti, ndipo filimu ija imadutsa m'mphindi zochepa chabe. Mafoni a Android atsopano safunanso pulogalamu yapadera. Google inaikamo Nearby Share mu 2020, ndipo kuyambira 2024 dzina lake ndi Quick Share. Mafoni awiri amayamba kufufuzana ndi Bluetooth, akapezana n'kunyamula katunduyo pa Wi-Fi. Quick Share iliponso ya makompyuta a Windows, choncho zithunzi zingachoke m'foni kupita m'laputopu popanda chingwe kapena fulashi. A zipangizo za Apple ali ndi yawo, AirDrop.

Tsono tibwere ku nyumba imene ili ndi laputopu ya mphunzitsi, ina ya mwana wa ku koleji amene wabwera kutchuthi, ndi mafoni atatu. Kugulira chilichonse bandulo yakeyake n'kuwononga. Foni imodzi ikhoza kusanduka hotspot: imatunga intaneti kunsanja n'kuigawa pa Wi-Fi kwa zinzake. Amene akwanitsa amagula kabokosi ka MiFi kapena rauta yolowa simu khadi, imene imagwira ntchito yomweyo popanda kutenthetsa foni ya munthu. Ndipo rautayo, ngakhale bandulo itatha, imalumikizabe makompyuta a m'nyumbamo. Mukatsegula foda imodzi kuti igawidwe, winayo amaiona pa kompyuta yake n'kukopera mapepala a mayeso akale a MANEB kapena manotsi popanda kulipira tambala.

Pali msampha umodzi umene wadyera anthu ambiri ndalama. Laputopu ikaona Wi-Fi imaganiza kuti yafika padziwe losaphwa. Windows imayamba kutsitsa zokonzanso zake mwakachetechete, ndipo bandulo ya sabata yonse itha kutha munthu akadali pa tsamba loyamba. Mankhwala ake ali m'makonzedwe a Wi-Fi pa laputopuyo, pamene palembedwa kuti metered connection. Mukatsegula pamenepo mwaiuza kompyutayo kuti madzi ano ndi ogula, imwe mosamala. Chitani zimenezi tsiku loyamba, pa laputopu iliyonse, musanauze aliyense pasiwedi.

Za pasiwediyo: ikhale ya zilembo ndi manambala zosachepera 8, pakuti chitetezo cha WPA2 sichilola yaifupi kuposa apo, ndipo isakhale 12345678 kapena dzina la mwana wanu loti mudzi wonse ukulidziwa. Kumana mnansi intaneti si cholinga. Nkhani ndi yakuti amene walowa pa Wi-Fi wanu walowa m'nyumba, ndipo foda imene munatsegulira abale nayenso atha kuiona. Mugawireni mukudziwa, monga mugawira moto. Bluetooth naye muzimuzimitsa mukakhala pamsika kapena m'basi, ndipo fayilo yochokera kwa munthu wosamudziwa musaivomere, makamaka ngati ndi pulogalamu yoti muike m'foni.

Mafunde a Bluetooth ndi Wi-Fi ndi ofooka dala, kuti a nyumba ino asasokoneze a nyumba inayo. Amayenda pa 2.4 GHz, ndipo Wi-Fi wamakono amayendanso pa 5 GHz, amene amathamanga kwambiri koma amatopa msanga akakumana ndi khoma. Zimene zimawatchinga tili nazo zonse kuno. Njerwa zootcha zimawadya, malata amawabweza, madzi amawamwa. Thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha, ndipo khoma lonyowa ndi chiperoni limatchinga kuposa louma. Thanthwe ndiye losanena. Phiri la Chambe latalika mamita oposa 2,500, ndipo khoma lake la kumadzulo limadziwika kwa okwera matanthwe ngati limodzi mwa aatali kwambiri mu Africa. Ngakhale mafunde a nsanja, amene ndi amphamvu kuposa a m'nyumba, saboola mwala wotere. N'chifukwa chake nyumba ziwiri zoyandikana m'tsinde mwa phiri, ina imakhala ndi netiweki yodzaza, inayo mwini wake amachita kukwera pachulu.

Apa ndi pamene hotspot imathandiza koposa. Yendani ndi foni m'nyumba monse ndi pabwalo, mupeze pamene timizere ta netiweki timadzaza, kaya ndi pawindo loyang'ana kumsewu wa ku Phalombe kapena pamwamba pa kabati. Foniyo kapena MiFi ikhale pamenepo, pamalo okwera, kutali ndi malata ndi ndowa za madzi, ndipo inu mukhale ndi laputopu patebulo. Musaifunditse kapena kuiika padzuwa, chifukwa foni yogawa intaneti imatentha ndipo batire limatha msanga. Ngati magetsi anu ndi a sola, ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe cha USB: intaneti imadutsa m'chingwe chomwecho, foni ikutchajika, ndipo laputopu ya Windows 10 kapena 11 ingagawirenso zipangizo zina mpaka 8.