Mantha a Wolamulira ndi Mipando ya Akuluakulu a Asilikali

Wolamulira amene watseka anthu pakamwa, ndipo salola kuti chisankho chimuchotse pampando, amadziwa kuti otsala amene angathe kumugwetsa ndi okhawo amene agwira mfuti, n'chifukwa chake maboma opondereza amakonda kuchotsa, kumanga, ngakhale kupha akuluakulu a asilikali popanda mlandu wooneka. Mchitidwe umenewu ndi kusesa pa zifukwa za ndale, kutanthauza kuti munthu amachotsedwa chifukwa wakula mphamvu kapena wayamba kukondedwa ndi asilikali ake, osati chifukwa walephera ntchito. Chitsanzo chotchuka ndi cha Joseph Stalin wa ku Soviet Union, amene mu 1937 anaphetsa kazembe Mikhail Tukhachevsky, ndipo mwa akazembe asanu a udindo wapamwamba kwambiri atatu anaphedwa, kotero kuti pamene Germany inaukira dzikolo mu 1941 inapeza gulu lankhondo losowa atsogoleri odziwa ntchito.

Kuno ku Malawi nkhaniyi inayenda mwa njira ina. Gulu la asilikali linachokera ku King's African Rifles, gulu la atsamunda limene linkalemba anyamata ambiri achiyao ndi achilhomwe a m'maboma a kumwera, kuphatikizapo Mulanje. Azungu analitsogolera mpaka 1972, pamene Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba pa udindowo, ndipo atachoka mu 1980 analowa Melvin Khanga amene anakhalapo mpaka 1992. Dr Hastings Kamuzu Banda sanafune kukhetsa mwazi wa akazembe ake, koma anasankha kuwafooketsa powaikira mnzawo wopikisana naye, ndiye gulu la Malawi Young Pioneers, limene linakhazikitsidwa mu 1963 ndipo linali la chipani cha Malawi Congress Party. Apayoniya anali ndi mfuti zawo, makampu awo m'maboma ambiri ndi azondi awo, ndipo munthu wamba ankawadziwira pa chipata cha msika kapena pokwerera basi, pamene iwo ndi achinyamata a chipani ankaimitsa mayi wosenza dengu la chinangwa n'kumufunsa khadi la chipani asanamulole kudutsa.

Chikwanje cha Kamuzu chinagwera kwambiri amene ankatsogolera magulu achitetezo a chipaniwo ndi a boma, ndipo pamenepa m'pamene kusesa kwa ku Malawi kumaonekera bwino. Aleke Banda, mtsogoleri woyamba wa Apayoniya, anachotsedwa pa maudindo ake mu 1973 mbiri itamveka yoti ndiye adzalowe m'malo mwa Kamuzu, ndipo kuyambira 1980 mpaka 1992 anali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, nthambi ya apolisi yofufuza za ndale imene inatsekera anthu ambirimbiri kundende ya Mikuyu, anamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani. Muwalo ananyongedwa mu 1977, pamene Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Gwanda Chakuamba, amenenso anatsogolera Apayoniya, anamangidwa mu 1980 ndipo kenako analamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 pa mlandu woukira boma. Ena mwa amunawa anazunza anzawo ali pampando, ndipo mfundo imeneyi siyenera kubisidwa, komabe kugwa kwawo sikunali chilungamo kwa ozunzidwawo, pakuti olowa m'malo mwawo ankaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti chitetezo chawo chili pa kumvera popanda kufunsa.

Njira yogawanitsa ogwira mfuti inadzabala chipatso chimene mwini wake sanachiyembekezere. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, Apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, asilikali anaukira makampu awo ndi maofesi a chipani m'ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo mkwiyo umene unasungidwa zaka zambiri unachokera makamaka kwa asilikali a maudindo apakati ndi apansi. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo dziko linalowa m'chisankho cha Meyi 1994 chipani cholamula chilibenso gulu lake lankhondo.

Ulamuliro wa zipani zambiri unathetsa kunyonga ndi kutsekera popanda mlandu, koma kukayikirana pakati pa nyumba ya boma ndi malikulu a asilikali sikunathe. Mu Meyi 2008 boma la Bingu wa Mutharika linamanga Joseph Chimbayo, mkulu wakale wa asilikali, pomuganizira kuti akukonza chiwembu cholanda boma. Mu Epulo 2012, Bingu atamwalira, mkulu wa asilikali Henry Odillo anaima pa malamulo oyendetsera dziko kuti Joyce Banda alumbiritsidwe kukhala pulezidenti, ndipo anachotsedwa mu Juni 2014, Peter Mutharika atangolowa m'boma. Malamulo amapatsa pulezidenti mphamvu yosankha mkulu wa asilikali, choncho kusintha koteroko si kuphwanya lamulo pakokha, koma nthawi imene kwachitikira ndiyo imadzutsa mafunso. Mafunsowa amakhudzanso mtundu wa munthu, ndipo dzina la Chonde, ku Mulanje, limamveka m'mikangano imeneyi chifukwa ndi likulu la Mulhako wa Alhomwe, bungwe la chikhalidwe limene Bingu anathandiza kukhazikitsa: otsutsa ankadandaula kuti mipando ikuluikulu ikupita kwa anthu a dera limodzi, monga ankadandaulira za chigawo chapakati m'nthawi ya Kamuzu, ngakhale kuti mlimi wa nandolo wa ku Chonde, amene mwana wake ndi msilikali wamba, alibe mawu pa zosankhidwa ku Lilongwe.

Chitsanzo china ndi cha Vincent Nundwe, amene anatsogolera asilikali pamene anthu ankachita zionetsero zokana zotsatira za chisankho cha Meyi 2019, ndipo asilikali ake ankayenda m'mbali mwa ochita zionetserowo powateteza. Khoti litafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, iye anachotsedwa mu Malichi, kutangotsala miyezi itatu kuti anthu avotenso pa 23 Juni, ndipo Lazarus Chakwera, amene anapambana chisankho chatsopanocho, anamubwezera pa udindo wake mu Seputembala chaka chomwecho.